Makotesheni awiri a seva ya HPE ProLiant DL380: ndalama yapamwambayo ikupita kuti?

Mayi wina amene amayang'anira makompyuta pa bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama ku Mzuzu wanditumizira imelo. Alandira makotesheni awiri a seva (kompyuta yaikulu yosunga ndi kugawira deta ku makompyuta ena) ya HPE ProLiant DL380 Gen11. Purosesa, RAM ndi madiski zonse n'zofanana, koma kotesheni imodzi yakwera kwambiri chifukwa ili ndi mizere iwiri yowonjezera: Tech Care Essential ya zaka 5 ndi iLO Advanced. Akufunsa ngati mizereyi ndi yofunikadi kapena ogulitsa angofuna kudyerapo, ndiponso ngati sikungakhale bwino kungogula ya mtundu wakale wa Gen9 yogwirapo kale ntchito imene mnzawo wawauza kuti ikupezeka motchipa.

Mayi, choyamba dziwani amene mukuchita naye malonda. Kuyambira pa 1 November 2015 kampani ya HP inagawika pawiri: HP Inc. inatenga malaputopu ndi mapulinta, pamene maseva anapita ku Hewlett Packard Enterprise, imene timangoti HPE. Dzina la ProLiant ndi lakale kuposa pamenepo, linayamba ndi Compaq mu 1993 ndipo linalowa m'manja mwa HP makampani awiriwa ataphatikizana mu 2002. Wogulitsa malaputopu a HP sikuti ndiye kuti ali ndi chilolezo chogulitsa kapena kukonza maseva a HPE. Kwa makasitomala a msinkhu wanu, HPE sigulitsa yokha. Katundu amachoka kwa HPE kupita kwa ma distributor akuluakulu, kenako kwa ogulitsa olembetsedwa m'ndondomeko yotchedwa Partner Ready. Wogulitsa amene walembetsa msanga kwa HPE kuti akukambirana ndi bungwe lanu amatha kupatsidwa mtengo wotsika kuposa anzake, choncho makotesheni awiri angasiyane ngakhale popanda wina kuba.

Musanakhulupirire kuti maseva awiriwo ndi ofanana, pemphani aliyense alembe part number ya chinthu chilichonse, ndiye muziyerekeze ndi chikalata cha QuickSpecs cha DL380 Gen11, chimene HPE imachiika poyera pa intaneti. Kotesheni yotchipa kawirikawiri imabisa zinthu zitatu: power supply imodzi m'malo mwa ziwiri, RAID controller (chipangizo chogwirizanitsa madiski kuti deta isatayike imodzi ikafa) yopanda cache (memore yofulumizitsa ntchito) ndi batire lake, ndi madiski kapena RAM zomwe si za HPE. Chachitatuchi chimadzaonekera mochedwa. Seva ikalephera kuwerenga kutentha kwa diski yachilendo, mafani amathamanga mwamphamvu tsiku lonse mpaka a mu ofesi yoyandikana nayo kudandaula, ndipo diskiyo ikafa HPE siyiisintha.

Tsopano za waranti, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. DL380 imabwera ndi waranti imene amailemba 3/3/3: zaka 3 za zipangizo, zaka 3 za ntchito ya mmisiri, ndi zaka 3 zoti abwere pamalo panu tsiku lantchito lotsatira. Imeneyi mwalipira kale mu mtengo wa seva. Koma imangoona za chitsulo chimene chafa, nthawi yantchito basi. Zipangizo zambiri, monga madiski, mafani ndi power supply, zili m'gulu la Customer Self Repair: amakutumizirani chatsopano, mumasintha nokha, ndipo chakufacho mumabweza, nthawi zambiri pasanathe masiku 5 antchito. Mukapanda kubweza amakulipiritsani.

Tech Care ndi kontilakiti imene imakwera pamwamba pa warantiyo, ndipo ili ndi magawo atatu. Basic imakupatsani katswiri pa foni nthawi yantchito ndi mmisiri tsiku lotsatira. Essential imagwira usana ndi usiku sabata yonse, ndi lonjezo loti mmisiri afike pasanathe maola 4. Critical imalonjeza kuti seva ikhale itakonzedwa pasanathe maola 6. Zimamveka bwino pa pepala, koma werengani timalemba tating'ono. Maola 4 aja amagwira ntchito ngati muli mkati mwa makilomita 160 kuchokera pamalo amene HPE inawasankha kukhala likulu la chithandizo, ndipo maola 6 amafuna makilomita 80. Mukatalikira, nthawi imawonjezeka kapena lonjezolo silikhalapo n'komwe.

Ndiye funsani wogulitsayo, ndipo ayankhe molemba: diski ikafa Lachisanu madzulo kuno ku Mzuzu, yatsopano ichokera m'nyumba yosungira katundu iti, ndipo mmisiri anyamukira kuti? Ngati yankho lili lakuti zipangizo zimachokera ku Johannesburg, ndiye kuti pali ndege, pali za msonkho pa bwalo la ndege, pali ulendo wa pamsewu. Pamenepo kulipira Essential n'kugula lonjezo limene palibe angalikwaniritse. Ine ndingasankhe Basic ya zaka 5, ndipo ndalama yotsalayo ndigulire diski imodzi kapena awiri ofanana ndendende ndi omwe ali m'sevamo, power supply imodzi yapadera, ndi UPS (batire losunga magetsi akazima) yabwino. Zimenezo zikhale m'kabati yokhoma pafupi ndi seva.

Chifukwa chake n'chakuti RAID 5, imodzi mwa njira zosanjira madiskiwo, imapirira diski imodzi yokha ikafa. Masiku onse amene mukudikira yatsopano, madiski otsalawo amagwira ntchito yowonjezera popanda chitetezo chilichonse, ndipo poti anagulidwa tsiku limodzi n'kukalamba limodzi, yachiwiri imatha kufa pomwe RAID ikudzimanganso. Ngati ndalama ilipo, sankhani RAID 6 (imene imapirira madiski awiri akafa) kapena RAID 10, muikenso diski imodzi ngati hot spare, yongodikira kulowa yokha m'malo mwa yakufa.

Pali mzere wina umene sunalembedwe pa makotesheni onse awiri koma bungwe lanu likuufuna: Defective Media Retention, mwachidule DMR. Popanda umenewu, diski yakufa imabwerera kwa HPE ili ndi mayina, manambala a ziphaso ndi ngongole za mamembala anu. Ndi DMR, yatsopano imabwera ndipo yakaleyo imatsala m'manja mwanu kuti muiwononge nokha.

iLO Advanced yokhayo musaichotse. iLO ndi kakompyuta kakang'ono kamene kali pa motherboard, kali ndi malo akeake olumikizira netiweki ndipo kamagwirabe ntchito seva ili yozima, bola chingwe cha magetsi chikhale cholumikizidwa. Yaulere imakulolani kuyatsa, kuzimitsa ndi kuona thanzi la seva, koma sikirini yakutali imakutsekerani Windows kapena Linux ikangodzuka. Laisensi ya Advanced imatsegula sikirini yonse, ndipo mumatha kulumikiza fayilo ya ISO muli kutali ngati kuti mwalowetsa DVD. Katswiri ali ku Lilongwe angathe kuikanso operating system pa seva ili ku Mzuzu osakwera basi. Laisensiyi mukagula ndi yanu mpaka kale, zaka zimene zalembedwa pambali pake ndi za chithandizo chabe. Chenjezo limodzi: musaike iLO poyera pa intaneti, idutse pa VPN (njira yotetezedwa yolowera mu netiweki ya ofesi muli kutali), ndipo sinthani pasiwedi imene inabwera nayo.

Za Gen9 ija. Inatuluka mu 2014, ndipo ndi makina olimba, koma vuto lake lili pa firmware, mapulogalamu a mkati mwa zipangizo amene amaziyendetsa. Kuyambira February 2014, kukopera BIOS (firmware yodzutsa seva) yatsopano ndi Service Pack for ProLiant (phukusi la firmware) za maseva akale ngati Gen9 kumafuna kuti seva ikhale ndi waranti kapena kontilakiti yamoyo, kupatula zokonza zokhudza chitetezo ndi firmware ya iLO. Wina angati firmware ndi nkhani yaing'ono. Mu November 2019 HPE inachenjeza kuti ma SSD ena a SAS adzafa akangokwanitsa maola 32,768 akugwira ntchito, zomwe ndi zaka 3, masiku 270 ndi maola 8, pokhapokha ataikidwa firmware ya HPD8. Madiski oikidwa tsiku limodzi amafa pafupifupi nthawi imodzi, RAID osathandiza kanthu, ndipo zomwe zinali m'katimo sizibwereranso. Pa seva yakale mulinso Smart Storage Battery ya 96W imene imateteza cache ya RAID controller. Ikatha mphamvu, controller imazimitsa write cache, database n'kuyamba kukwawa popanda chilichonse chooneka kuti chasweka. Gen9 ndi yabwino yophunzirirapo kapena yosungira kope lachiwiri la backup, koma mabuku a mamembala ndingawaike pa yatsopano.

Seva ikafika, musasainire pepala lolandirira musanachite izi. Kutsogolo kwake kuli kachikwangwani kokoka kolembedwa serial number ndi product ID. Lowetsani manambalawo pa HPE Support Center muone tsiku limene waranti inayamba, ndiponso ngati Tech Care yalembetsedwa m'dzina la bungwe lanu. Zimachitika kuti kontilakiti yalipiridwa koma wogulitsa sanailembetse, ndipo mumadzadziwa tsiku limene nyale ya diski yasanduka yachikasu. Tsiku limenelo likadzafika, lowani mu iLO, kopani Active Health System log (fayilo ya mbiri ya thanzi la seva), onani zomwe zalembedwa mu Integrated Management Log, ndipo mutumize zonse pamodzi ndi serial number potsegula dandaulo lanu, chifukwa chinthu choyamba chimene adzakufunseni ndi chimenecho. Chipinda cha seva chisatenthe kupitirira madigiri 35, ndipo ma power supply awiriwo musawalumikize pa UPS imodzi.