Mafunso a Owerenga: Mafilimu a nkhondo ya Hitler amasiya ndani?

FUNSO: Ndimaphunzitsa mbiri pa sekondale ina kuno ku Mzuzu. M'mafilimu a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ana amangoona Ayuda a ku Poland ndi ku Germany atavala malaya amizeremizere mumsasa. Kodi anali okhawo? – Mphunzitsi, Katoto

YANKHO: Ayi aphunzitsi. Ayuda amene anaphedwa anali pafupifupi 6 miliyoni, ndipo sanali a chilankhulo chimodzi. Ambiri a kum'mawa kwa Ulaya ankalankhula Chiyidishi, koma ku Salonika, m'dziko la Greece, kunali Ayuda pafupifupi 50,000 olankhula Ladino, chilankhulo chochokera ku Chisipanishi. Mu 1943 oposa 45,000 mwa iwo anatumizidwa ku Auschwitz, msasa wopherako anthu umene Ajeremani anamanga ku Poland. Mazunzowa anafika ngakhale kuno ku Africa: Ajeremani atalanda Tunisia mu Novembala 1942, Ayuda pafupifupi 5,000 anagwiritsidwa ntchito ya kalavulagaga.

Vuto lina ndi la msasa womwewo. Kamera imakonda waya waminga ndi sitima, koma anthu oposa miliyoni imodzi anawomberedwa m'mbali mwa maenje, kufupi ndi kwawo. Ku Babi Yar, ku Kyiv m'dziko la Ukraine, anthu 33,771 anaphedwa m'masiku awiri okha, pa 29 ndi 30 Seputembala 1941. Komanso filimu imafuna ngwazi yopulumutsa anzake. Filimu ya Schindler's List ya 1993 ikukamba za anthu pafupifupi 1,200 amene anapulumuka. Nkhaniyo ndi yoona, koma mwana akaonera yokhayo aziganiza kuti kupulumuka kunali kofala, chonsecho mwa Ayuda oposa 3 miliyoni a ku Poland, pafupifupi 9 mwa 10 alionse anafa.

Awuzeninso anawo za a mtundu wa Roma ndi Sinti, amene anaphedwa oposa 200,000, za anthu olumala pafupifupi 70,000 amene anaphedwa ndi mpweya wapoizoni pofika Ogasiti 1941, ndi za a Mboni za Yehova amene ankatsekeredwa chifukwa chokana usilikali ndi kuchitira Hitler sawatcha. Izi za a Mboni agogo ambiri kuno sangazidabwe, poti chipembedzochi chinaletsedwanso m'Malawi kuyambira 1967 mpaka 1993.

FUNSO: Gulu lathu la zisudzo likufuna kujambula kafilimu kakafupi pa nkhaniyi. Tonse ndife akuda. Kodi sitinamiza anthu? – Mnyamata, Chibavi

YANKHO: Achimwene, khungu la wosewera si bodza ngati owonera akudziwa kuti ndi sewero. Bodza limabwera mukamanena kuti munthu wakuti anali pamalo pamene sanali. Mwachitsanzo, askari athu a King's African Rifles (KAR) anamenya nkhondo kum'mawa kwa Africa ndi ku Burma, choncho musawaike akutsegula chipata cha Auschwitz. Msasawo anaumasula ndi asilikali a Soviet Union pa 27 Januwale 1945. Koma anthu akuda ku Germany analiko ndithu, ndipo mu 1937 ana mazana angapo a m'dera la Rhineland, obadwa kwa amayi achijeremani ndi asilikali akuda a gulu lankhondo la France, anawatseka mokakamiza kuti asadzabereke.

Musanasoke chovala chilichonse, gwirizanani za malo ndi chaka, chifukwa ambiri amaphonya pamenepa. Nyenyezi yachikasu, imene Ayuda ankakakamizidwa kuvala, inayamba kuvalidwa ku Germany mu Seputembala 1941, ndiye sewero la 1938 lisakhale nayo. Ku Warsaw, likulu la Poland, sankavala yachikasu konse, koma kansalu koyera ka pamkono kokhala ndi nyenyezi yabuluu. Nambala yodinda pakhungu la mkono inali ya ku Auschwitz kokha. Mumsasa, kansalu kamakona atatu kankasonyeza "mlandu" wa mkaidi: kofiira kwa andale, kapepo kwa a Mboni, kapinki kwa amuna ogonana ndi amuna anzawo.

Ife tingakulangizeni kuti za m'chipinda cha mpweya wapoizoni muzisiye. Ndi foni ndi ndalama zochepa, zimatuluka ngati nthabwala, ndipo muholo anthu amaseka posayenera kuseka. Sankhani banja limodzi, usiku umodzi woti mawa lake akwezedwa sitima, ndipo mkangano ukhale woti m'chikwama chimodzi chomwe aloledwa aikamo chiyani.