Chakudya cha pusi cha LiveClear chimathandiza, koma musaike moyo wa mwana pa icho

Asisi mwafunsa ngati chakudya cha pusi cha Pro Plan LiveClear chingathandize mwana wanu amene akudwala chifukwa cha pusi, ine nkhani ya pusi imandiwawa mpaka lero. Tinkakhala nyumba imodzi ndi alamu anga kuno ku Leicester ku UK, iwo ali ndi pusi wawo wamphongo wosathena, mwana wanga wa zaka 6 akungoyetsemula maso psuu ine n'kumati ndi chimfine cha kuzizira kwa kuno, mpaka dokotala (GP) anati ndi allergy, thupi lake silikugwirizana ndi pusi. Alamu anagula Pro Plan LiveClear ija mukufunsayo n'kunena kuti basi nkhani yatha.

Sabata isanathe, 2 koloko usiku ndinadzidzimuka mwana atakhala tsonga pabedi, chifuwa chikulira ngati wenzulo, akamakoka mpweya khungu la pakhosi likulowa mkati, kuti anene "amama" osatha. Inhaler ya buluu yotsegula chifuwa ndapopera ndapopera palibe, manja akunjenjemera ndinaimba 999 kuitana ambulansi ndili ndi chitenje chokha. Titabwerako kuchipatala mmawa ndinapeza ubweya mbwee pa pilo yake, kani pusi amagona pompo ife tikapita ku ntchito. Alamu osapepesa nkomwe, eti "koma ndikumupatsa chakudya chija". Kumupatsa kwake akusakaniza ndi zam'chitini zotchipa! Munthu wamkulu ndithu kuikira kumbuyo pusi mwana wa mbale wake akubanika.

Chimene chimadwalitsa si ubweya weniweniwo ayi, ndi puloteni ina yotchedwa Fel d 1 ya m'malovu ndi pakhungu, pusi akamadzinyambita imamatirira ku ubweya kenako pa sofa, makatani, paliponse. Chakudyacho anaikamo zochokera mu mazira a nkhuku zomwe zimaigwira ikadali mkamwa. Opanga chakudyacho amati puloteniyo imatsika ndi 47 peresenti kuyambira sabata yachitatu, pusi akamadya tsiku ndi tsiku. Ndiye theka limatsalabe, ndipo musamuswere mazira a ku shopu poganiza kuti ndi zomwezo.

Ife tinasamuka basi. Koma inu ngati mwana wanuyo ndi kuyetsemula chabe alibe mphumu, ndinganene kuti yesani, pusi wa ana kumuchotsa ndi maliro ena, komanso ngakhale mutamuchotsa lero zimatenga miyezi kuti puloteniyo ithe m'nyumba. Mutheneni ngati ndi wamphongo, kuchipinda chogona asalowe olo pang'ono, mankhwala a allergy a cetirizine akhale pafupi. Koma mukangomva kachifuwa kakulira usiku, pusiyo apite kwa anthu ena mawa lomwelo.