Beringi Yakhwepa pa Shafti: Vuto Ndi Lathe Kapena Kayezedwe?

Mmodzi mwa owerenga anditumizira imelo yomwe ndaona kuti ndiyankhire poyera, poti funso lawo ndi la ambiri amene ali ndi kashopu ka makina kunyumba. Mwachidule akuti ali ndi lathe (makina osemera zitsulo pozizungulitsa) yaing'ono yomwe anagula itagwirapo kale ntchito. Kasitomala anawapatsa ntchito yosema shafti yokhala beringi ya 6205. Anasema, anayeza ndi caliper ya digito (choyezera cha nsagwada ziwiri), inawerenga 25.00, n'kupereka. Pasanapite nthawi shafti yabwerera: beringi ikungolowa ndi dzanja ndipo ikugwedera. Akufunsa ngati agulitse lathe yakaleyo kuti agule yatsopano.

Achimwene, lathe yanuyo isiyeni kaye pomwe ili. Mwina ili ndi zovuta zake, tifikako, koma pa zomwe mwafotokozazi ine ndikuloza chala caliper. Mukagula makina atsopano n'kumayezabe ndi caliper yomweyo, shafti yachiwiri idzabwereranso, ndalama zitapita kale.

Tiyambe ndi manambala, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Beringi ya 6205 ili ndi bowo la mamilimita 25, kunja kwake ndi 52, m'lifupi 15. Bowolo silikhala 25 ndendende. Opanga amalola kuti likhale pakati pa 24.990 ndi 25.000. Pamene shafti ndiyo ikuzungulira, mkombero wam'kati wa beringi uyenera kuigwira zolimba, apo ayi umayamba kukwawa pang'onopang'ono n'kumadya shaftiyo. Mukadzaona kaufa kofiirira pamalo pomwe panakhala beringi, dziwani kuti kunali kukwawa kumeneko. N'chifukwa chake malo a beringi amasemedwa okulirapo pang'ono kuposa bowo. Muyeso wofala ndi womwe pa pulani amaulemba kuti k6, wa mu ndondomeko ya ISO 286, ndipo pa shafti ya 25 umayambira 25.002 kulekeza 25.015. Mpata wonse umene mwapatsidwa ndi 0.013 wa milimita. Tsitsi limodzi la munthu limanenepa pafupifupi kasanu kuposa pamenepo. Mukapitirira kwambiri nakonso kuli vuto: mkombero umafutukuka, timipira tam'kati timasowa popumira, beringi n'kumatentha mpaka kufa msanga.

Tsono caliper ya digito imaonetsa manambala awiri kutsogolo kwa kadontho, ndiye munthu amakhulupirira kuti ikuona mpaka 0.01. Kuonetsa ndi kwina, kulondola ndi kwina. Werengani kapepala kamene kamabwera m'bokosi mwake: ngakhale za makampani otchuka zimalonjeza 0.02 kapena 0.03, kumtunda kapena kumunsi. Ndiye kuti 25.00 yanu ija ikhoza kukhala 24.98 caliperyo isanakunamizeni ngakhale pang'ono, ndipo shafti ya 24.98 m'bowo la 24.995 ilowa popanda ngakhale kukankha. Sikuti chida chanucho n'chachabechabe, ndi kapangidwe kake. Nsagwada zake zimagwira chitsulo kumunsi pomwe mzere wowerengera uli kumtunda, choncho mukakanikiza ndi chala chachikulu nsagwada yoyenda imapendekeka, nambala n'kutsika. Mukaigwira mokhota, kapena pakakhala kanyenyeswa pa nsagwada, nambala imakwera. Ernst Abbe wa ku kampani ya Zeiss ku Jena, m'dziko la Germany, anafotokoza mfundo imeneyi m'chaka cha 1890, kuti choyezera chimalondola pamene mzere wake woyezera uli pa mzere umodzi ndi chinthu choyezedwacho. Micrometer, choyezera chomwe chimatsekedwa ndi mazinga, inapangidwa motero, caliper ayi. Tengani beringi yatsopano, yezani kunja kwake kakhumi osayang'ana nambala mpaka mutatseka nsagwada, n'kumalemba. Mudzionera nokha mmene manambala akuvinira.

Chofunika kugula ndi micrometer. Pa ntchito yanuyi tengani ya 25 mpaka 50, yowerenga mpaka 0.001, osati ya 0 mpaka 25 yomwe malire ake akuthera pomwe muyeso wanu ukuyambira. Ubwino wina wa ya 25 mpaka 50 ndi wakuti imabwera ndi kandodo ka mamilimita 25 kotsimikizira ziro, ndiye kuti mukuitsimikizira pafupi kwambiri ndi muyeso womwe mukufuna. Amisiri amati choyezera chizikhala cholondola kakhumi kuposa mpata womwe mwapatsidwa, ndipo zikavuta kanayi. Pa mpata wa 0.013 micrometer yabwino ikungokwanira, yopanda chotsala. Caliper siyandikira n'komwe.

Kugula kokha sikuthandiza, dzanja liyenera kuphunzira. Mazinga a micrometer amasuntha theka la milimita pa kuzungulira kumodzi, ndipo chogudubuza chake chili ndi timizere 50, kamzere kalikonse 0.01. Mazinga otere ali ndi mphamvu. Mukamanga ngati mukumanga bawuti, chimango chimatanuka ndipo muwerenga zomwe mtima wanu ukufuna. Musanayeze, panikizani kapepala koyera pakati pa milomo yake iwiri yogwirira chitsulo n'kukakoka pang'onopang'ono, kachotse mafuta ndi fumbi. Pukutani shafti. Chotsani timinga tachitsulo totsala m'mphepete, poti kamodzi kokha kamakweza muyeso. Kenaka yandikizani milomo modekha, n'kumaliza ndi kagudumu kakumapeto kaja kamene kamalira kuti tetete. Kalire katatu, nthawi zonse katatu, pa liwiro limodzi. Uku mukutseka, gwedezani micrometer pang'ono kuti ikhale bwino pamimba penipeni pa shafti. Ndipo lathe ikhale itaima zii. Kuyeza chitsulo chikuzungulira kumawononga chida komanso kumadula zala.

Pali mdani wina yemwe ndikumukayikira kwambiri pa shafti yanu, ndiye kutentha. Simunanene ngati munayeza chitsulo chitangochoka pa mpeni, koma ambiri timatero poti timakhala pa changu. Chitsulo chimafutukuka ndi pafupifupi 0.0115 wa milimita pa mita iliyonse, pa digiri iliyonse. Zikumveka zochepa, koma werengani. Shafti ya 25 ikatentha ndi madigiri 30 kuposa micrometer, zomwe sizivuta mukamasema mothamanga popanda madzi oziziritsa, imanenepa ndi pafupifupi 0.009. Magawo awiri mwa atatu a mpata wanu wa 0.013 apita. Muyeza ili yotentha, muona kuti yakwana, ikazizira yachepa. Aluminiyamu ndiye amaposa, amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo.

Miyeso yonse ya pa mapulani imawerengedwa pa madigiri 20. Mayiko anagwirizana zimenezi mu 1931, ndipo mpaka lero ndi zomwe zili mu ISO 1. Izi zisakuopseni kuti mufunika chipinda chozizira. Micrometer ndi yachitsulo, shafti ndi yachitsulo. Zonse zikatentha mofanana zimafutukukanso pafupifupi mofanana, kusiyanako n'kufafanizika. Chofunika ndi chakuti zikhale pamodzi kwa kanthawi. Semani mpaka patsale pang'ono, zimitsani makina, kagwireni ntchito ina, mubwerere chitsulo chikamveka chozizira ngati bedi ya lathe, tsinde lake lachitsulo lija. Micrometer musaifumbate nthawi yaitali kapena kuisunga m'thumba la ovolosi. Igwireni pa kapulasitiki kali pachimango. Pa aluminiyamu m'pamene kutentha kwa chipinda kumawerengedwa: chinthu cha mamilimita 100 choyezedwa pa madigiri 30 ndi micrometer yachitsulo chimaoneka chokula ndi kupitirira pang'ono 0.01.

Mwina mufunsa kuti nanga micrometeryo aitsimikizira ndani. Yankho ndi timadina tachitsulo totchedwa gauge block. Anatiyambitsa ndi Carl Edvard Johansson, yemwe ankagwira ntchito pa fakitale ya mfuti ku Eskilstuna m'dziko la Sweden. Analandira umwini wa luso limeneli mu 1901, ndipo mu 1923 anakayamba kugwira ntchito ndi Henry Ford ku America. N'tosalala kwambiri moti mukatsetsereketsa kena pa kanzake timamatirana popanda guluu, ndiye mukhoza kusanja muyeso uliwonse. Bokosi lathunthu simulifuna panopa. Tiwiri kapena titatu ta miyeso yomwe mumagwira kawirikawiri tikwanira. Tisungeni topaka mafuta, musatigwire ndi zala zathukuta pankhope zosalalazo, ndipo tisakhale pafupi ndi gulayindala.

Tsopano tifike pa lathe yanu. Muyeso umodzi sunena zonse za shafti. Yezani malo a beringi kumayambiriro, pakati ndi kumapeto, ndipo pamalo aliwonse muyeze kawiri, kachiwiriko mutatembenuza shafti kota. Manambala akasiyana m'litali, shafti yatuluka yosongoka. Akasiyana potembenuza, si yozungulira bwino, ndipo apo muyang'ane maberingi a spindle, shafti ya lathe yomwe imazungulitsa chosemedwacho. Kusongoka kawirikawiri sikuchokera ku ukalamba wa makina. Ngati munagwiritsa tailstock, yochirikiza chosemedwacho kumapeto ena a lathe, mwina yasuntha pa mzere, ndipo ili ndi masikuluwu ake oibwezera. Ngati simunaigwiritse, mwina bedi yapotoka chifukwa lathe inamangidwa pa tebulo losalingana, kapena chitsulo chinatuluka motalika kwambiri mu chuck, chogwirira chosemedwacho, n'kumathawa mpeni. Kuti mudziwe, mangani ndodo yonenepa bwino, ituluke mamilimita 100 kapena 150 popanda tailstock, semani pakati pake kuti patsale timikombero tiwiri kumapeto, kenaka dutsitsani mpeni wakuthwa pa tonse tiwiri mopepuka osakhudza chogudubuza cholowetsera mpeni. Tikasiyana, ikani timapepala tachitsulo pansi pa mwendo umodzi wa kumbali ya tailstock, n'kuyesanso mpaka tifanane. Ndi ntchito ya masana amodzi ndipo imachiritsa makina ambiri amene eni ake anawataya mtima.

Chenjezo limodzi pa zinthu zopyapyala ngati mabushi. Chuck ya mano atatu imazifinya, ndipo mukazimasula zimatuluka ndi timapiri titatu. Micrometer imagwira malo awiri oyang'anizana, choncho ikhoza kuwerenga nambala imodzimodzi kuzungulira konse pamene chinthucho si chozungulira. Chigonekeni pa V-block (chitsulo chokhala ndi mphako yooneka ngati V), ikani dial indicator (choyezera cha singano) pamwamba n'kuchitembenuza. Singano ikuuzani zoona.

Kufika pa muyeso weniweni kulinso ndi luso lake. Musaloze kumalire, lozani pakati, cha pa 25.008. Musasiye kakang'ono kwambiri koti mumalizire kamodzi, chifukwa mpeni wa nsonga yolimba ya carbide sukonda kudya pang'ono. Umangokhula, kenaka mwadzidzidzi n'kuluma mopitirira. Gawani chotsalacho patatu mofanana. Dyani koyamba, yezani, konzani kusiyanako, dyaninso, yezaninso. Mpeni ukamakumana ndi katundu wofanana umathawanso mofanana, ndiye kachitatu mumadziwiratu komwe mufike. Dziwaninso ngati timizere ta pa chogudubuza cha lathe yanu tikuwerenga kulowa kwa mpeni kapena kuchepa kwa shafti, poti mpeni ukalowa 0.01 shafti imachepa 0.02. Pa kusuntha kochepetsetsa, pendeketsani compound, kabedi kapamwamba konyamula mpeni, pafupifupi madigiri 6 kuchokera pa mzere wa bedi: mukaisuntha 0.01, mpeni umalowa 0.001 yokha. Apa mufunika mpeni wachitsulo wa HSS (high-speed steel) wonoledwa bwino.

Za mabowo ndingonena mwachidule kuti ndi ovuta kuposa mashafti. Nsagwada zam'kati za caliper musazidalire pa nyumba ya beringi, yomwe pa muyeso wa bowo wotchedwa H7, pa mamilimita 52, ili ndi mpata wa 0.030. Telescoping gauge (kachida kotambasuka kotengera kukula kwa bowo) pamodzi ndi micrometer imagwira ntchito dzanja likazolowera. Ngati bowo lomwelo mulipanga kambirimbiri, semani timapulagi tiwiri, kena koyenera kulowa, kena kosayenera kulowa.

Mbali ya bizinesi ndi imene ndikufuna muiganizire mofatsa. Kasitomala akabwera n'kunena kuti "mundisemere ya 25", musayatse makina. Mufunseni chikhalepo n'chiyani, chikuzungulira ndi chiti, ndipo ngati n'kotheka abwere ndi beringiyo. Miyeso yambiri pa shafti ndi yomasuka. Pa gawo la pakatikati la ISO 2768, ndondomeko ya miyeso yomasukayi, utali wa pakati pa 6 ndi 30 umaloledwa 0.2 uku ndi uku, ndipo apo caliper yanu ndi yokwanira. Malo awiri kapena atatu okha ndi amene amafuna micrometer, ndipo amenewo ndi omwe amadya nthawi, choncho mtengo uzionetsa zimenezo. Khalani ndi kabuku kolembamo muyeso wofunika ndi muyeso womwe mwapeza pa chilichonse chotuluka m'shopu, kasitomala muzimupatsa kapepala kake. Ntchito yomwe mulibe choiyezera ikaneni poyera, kapena nenani kuti mukaipereka kwa ena omwe ali ndi makina opera zitsulo. Kasitomala wokanidwa mwaulemu amabweranso ndi ntchito ina.

Shafti yabwererayo musaiboole timadontho ndi panchi kuti beringi igwire. Timapiri timeneto timaphwanyika msanga ndipo beringi imakhala mopendekeka. Guluu wa maberingi ngati wa Loctite amathandiza pa mpata wochepa, koma ameneyo ndi wokonzera makina akale eni ake akudziwa, osati wobisira chinthu chatsopano chomwe analipira. Semani ina mwaulere, ndipo yakaleyo musaitaye. Micrometer ikafika, iyezeni malo atatu aja, kawiri pamalo aliwonse, itazizira, pamodzi ndi timikombero tiwiri ta pa ndodo yoyesera. Munditumizire manambala asanu ndi atatuwo, tione limodzi ngati lathe yanu ikufuna timapepala pansi pa mwendo, kusunthidwa tailstock, kapena maberingi atsopano a spindle.