Kodi ndigule makina oyeza madzi otumiza manambala ku foni?

Mlimi wina wa ku Zomba watilembera pa imelo. Ali ndi madamu anayi a makumba ndi chilunguni, ndipo waona pa intaneti tizipangizo toviika m'madzi tomwe timatumiza manambala ku foni. Akufunsa ngati agule, poti nsomba zake sizikula msanga, zina zimafa m'mawa.

Bambo, kufa kwa m'mawako kukuloza ku kuchepa kwa okosijeni, mpweya womwe nsomba zimapuma m'madzi. Masana ndere zobiriwira zimatulutsa mpweyawu, koma usiku ndere zomwezo, nsomba ndi zowola za pansi pa damu zimaumaliza, ndiye umatsikiratu m'bandakucha. Nsomba zikamayasama pamwamba pa madzi dzuwa lisanatuluke, vuto ndi lomwelo. Zimakula bwino okosijeni akafika mamiligalamu 5 pa lita. Akatsika pansi pa 3 zimayamba kukana chakudya. Yambani ndi kachipangizo kam'manja koyeza okosijeni ndi kutentha. Muziyeza 5 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, kachipangizoko katalowa masentimita 30 m'madzi, osati m'mphepete penipeni. Okosijeni akatsika, imitsani manyowa, musadyetse m'mawa umenewo, lowetsani madzi atsopano.

Makampani akuluakulu, monga oweta nsomba za salimoni ku Norway, ali ndi makamera m'makhola a m'nyanja oona mmene nsomba zikudyera, ndipo kompyuta imasanthula manambala ochuluka zedi. Pa madamu anayi simukusowa zonsezo. Chomwe mukusowa ndi manambala olembedwa mosadumphitsa, damu lililonse palokha, kaya mu kope kaya mu Google Sheets, pulogalamu yolembamo manambala pa foni: tsiku, okosijeni, kutentha, chakudya chomwe mwathira ndi nsomba zomwe zafa.

Pakatha milungu iwiri iliyonse kokani nsomba 30, muziyeze pa sikelo. Tinene kuti m'damu muli nsomba 1,000 ndipo iliyonse ikulemera magalamu 50. Zonse pamodzi ndi makilogalamu 50, ndipo pa mlingo wa 3 peresenti chakudya cha tsiku ndi kilogalamu imodzi ndi theka, chogawa kawiri. Ambiri amathira madeya ndi mbale mongoyerekeza. Otsala amawola pansi n'kudya okosijeni yemwe uja. Mu June ndi July madzi akazizira kufika madigiri 20, chepetsani, chifukwa nsomba sizidya kwambiri.

Za makina okhala m'madzi usana ndi usiku: ndi abwino, makamaka alamu yake yodzutsa munthu usiku, koma amafuna chisamaliro. Ndere zimamata pakamwa pake, pomwe amayezera madzi, m'masiku ochepa, ndipo amayamba kunama. Apukuteni mlungu uliwonse ndi kansalu kofewa, muwayerekezere ndi kam'manja kaja. Batire ya sola ikafooka imathima chakum'mawa, nthawi yomwe mukuifunitsitsa, choncho musagule yaing'ono. Musanalipire, yesani netiweki muli pa damu pomwepo, ndipo mufunse wogulitsa ngati zosinthira za pakamwa paja zimapezeka kuno. Ngati mtengo wakukulirani, sonkhani ndi anzanu a mu kalabu mugule kam'manja kamodzi, kaziyenda madamu onse mwakasinthasintha.