Kodi foni yatilanda ugaidi?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene akufuna kuphunzira ntchito yotsogolera alendo koma bambo ake akuti asataye nthawi, masiku ano mlendo aliyense gaidi wake ali m'thumba. Achemwali, funso lanuli landifika pamtima chifukwa nanenso nkhani yomweyi inandisowetsapo tulo.

Tsiku lina m'mamawa ndinali ndi alendo 6 m'nkhalango, mbalame ina inalira m'mwamba, ndisanatsegule n'komwe pakamwa bambo wina anali atakweza kale foni, dzina latuluka, chithunzi chatuluka. Inali app yotchedwa Merlin ya yunivesite ya Cornell ku America, imene kuyambira 2021 imamvetsera kulira kwa mbalame n'kukuuza kuti ndi iti. Mumtima munangoti myuu, zaka zonse zija ndakhala ndikuloweza mayina zapita pachabe? Koma dzina analidziwa, mbalameyo osaiona, onse maso ali m'masamba kukakasi. Ndinawauza kuti asunthire kumanzere pang'ono, awerame, dzuwa likhale kumsana, ayang'ane pamphanda ya nthambi youma ija. Anaiona. Mayi wina anangondigwira mkono osanena kanthu, mpaka lero ndimakumbukira.

Komanso mantha amenewa si a lero ayi. Ku Amsterdam, nyumba yosungiramo zaluso ya Stedelijk inayamba kupatsa alendo tizipangizo tomvera kukhutu mu 1952, ku Louvre ku Paris anafika pogawa Nintendo 3DS, kachipangizo ka magemu, kuti kazifotokozera alendo zaluso mu 2012, magaidi adakalipobe. Google Translate inabwera mu 2006, pofika 2015 umangoloza kamera pachikwangwani iyo n'kumasulira, pano ChatGPT ikukulembera ulendo wonse wa sabata usanamalize kuvala nsapato. Chimene makinawa adya ndi ugaidi woloweza uja, wongolakatula zaka ndi mayina ngati wailesi, ndipo ndinene mosabisa, umenewo ufe basi, unkatopetsa alendo kuyambira kale.

Chimene chimandiwawa ine ndi china, ndi nyenyezi zija alendo amapereka pa intaneti posonyeza mmene wawasangalatsira. Chiyambireni TripAdvisor, webusaiti yomwe alendo amalembapo ndemanga zawo, mu 2000 ndi anzake onse otsatira, dzina la gaidi lili m'manja mwa aliyense amene wadzuka atakwiya. Mlendo wina mvula inamunyowetsa n'kundipatsa nyenyezi 2 zokha mwa 5, kampani yomwe ndinkagwirako inandichotsa pandandanda mwezi wathunthu osandifunsa ngakhale mbali yanga, ngati mvulayo ndinaitana ndine. Onjezerani apo kuti mawebusaiti obukitsira alendowa amadula gawo lawo pa ulendo uliwonse pamene thukuta ndi lako, mawu akusasa ndi ako. Apa ndiye sindigonja, vuto si app yodziwa mbalame, vuto ndi oima pakati pa iwe ndi mlendo wako.

Mu 2020 nthawi ya Covid ndinayesako zotsogolera anthu pa Zoom, muja Airbnb, kampani yobukitsira malo ogona, inayambitsiranso maulendo a pa intaneti, ndinkalankhula ndi timabokosi ta nkhope osadziwa kuti watopa ndani, wasangalala ndani. M'pamene ndinazindikira kuti ntchito yathu yambiri ndi maso, kuona amene wayamba kutsimphina nsapato itamuluma, mwana amene wangoti zii chifukwa cha ludzu, agogo amene akuchita manyazi kufunsa kuchimbudzi ndiye umangolengeza wekha kuti tonse tipume kaye apa. GPS idzakuuza njira yachidule, koma kuti gulu ili lero silingakwere chitunda icho, imeneyo ndi yako.

Ndiye muchite bwanji?

Pitirizani achemwali. Ma app onsewa ikani mufoni muwadziwe kuposa alendo anu, mudziwenso pamene amalakwitsa. Phunzirani chinenero chachiwiri ndi chithandizo choyamba, sankhani chinthu chimodzi chimene mudzachidziwe mozama, kaya mbalame kaya nyumba zakale, ndipo alendo okhutira muziwapempha nambala kuti ulendo wina adzakupezeni mwachindunji. Bambo anuwo muwatenge pa ulendo wanu woyamba woyeserera, foni yawo ili m'manja.