Che 404, mayina a pa intaneti ndi pikapu ili pamiyala ku Namwera

Kalata iyi yachokera ku Namwera, ndipo woilemba wasaina kuti "Mwana wa mlongo wake wa Che 404". Ndaifupikitsa pang'ono:

"Amalume anga anamwalira chaka chatha. Kuno aliyense ankawadziwa kuti Che 404 chifukwa cha pikapu yawo ya Peugeot, moti pamaliro ena ankachita kufunsa kuti dzina lawo lenileni linali ndani. Galimotoyo abale andisiyira ine, ili pamiyala kuseri kwa nyumba. Nditaika chithunzi chake pa Facebook, anthu a mayina achilendo, wina Mfumu ya Datsun wina Land Rover Boy, ayamba kundinyengerera kuti ndiwagulitse. Kodi zodzipatsa mayina pa intanetizi zinachokera kuti? Si za anthu ofuna kubisala? Nanga chiphapha ngati chimenechi akuchionamo chiyani?"

Pepani ndi maliro, achimwene. Mafunso anu awiriwa ndi apachibale kuposa mmene mukuganizira, chifukwa khalidwe la mayinali linadzera kwa anthu a magalimoto omwewo.

M'zaka za m'ma 1970 madalaivala a mathiraki ku America ankalankhulana pa tiwailesi ta m'galimoto totchedwa CB. Mafuta atasowa mu 1973, kenako boma n'kulamula mu 1974 kuti pasapezeke wothamanga kuposa mamailosi 55 pa ola, tiwailesito tinafala ngati moto. Ankauzana kumene kukupezeka dizilo ndi pamene apolisi abisala. Munthu amene akuchenjeza anzake za apolisi sangatchule dzina la pa laisensi yake, choncho aliyense anali ndi dzina la pawailesi. Pamenepo mwalondola, kubisala kunalipo. Koma dzinalo linkagwiranso ntchito ina: dalaivala amene simunamuonepo nkhope mumamuzindikira ndi dzina lomwelo mwezi ndi mwezi, n'kudziwa ngati uthenga wake uli wodalirika kapena ndi wabodza.

Makompyuta atayamba kulumikizana kudzera pa mawaya a telefoni, khalidweli linangosamuka. Mu 1978 Ward Christensen ndi Randy Suess ku Chicago anakonza bolodi yoyamba ya pa kompyuta yosiyirana mauthenga, ndipo mu 1980 kampani ya CompuServe inatsegula malo ochezera omwe inawatcha CB Simulator, kutengera tiwailesi ta madalaivala tija. Makina nawo ankakakamiza. Makompyuta ambiri a m'mayunivesite ankalola zilembo 8 zokha pa dzina lolowera, ndipo IRC, njira yochezera imene Jarkko Oikarinen anayambitsa ku Finland mu 1988, poyamba inkalola 9. Dzina ngati Chimwemwe Kachingwe silingalowe pamenepo, lidulidwe basi. Hotmail itabwera mu 1996 panabuka vuto lina loti dzina lako wina watenga kale. Tangoganizani kuchuluka kwa a Banda ndi a Phiri. Ndiye ena anayamba kuwonjezera chaka chobadwa, timu ya mpira kapena galimoto imene amaikonda.

Facebook, yomwe inayamba mu 2004, inabwera ndi lamulo loti aliyense alembe dzina lake lenileni. Google inayesanso zomwezo pa Google+ mu 2011, anthu anakana, ndipo mu 2014 inagonja. Lamulo la Facebook likadalipo, koma inu nomwe mukuona mmene a Mfumu ya Datsun akulitsatira.

Komatu ife sitinadikire azungu kuti atiphunzitse zimenezi. Kuno kwathu mnyamata amapita ku ndagala ndi dzina lina n'kutulukako ndi lina, ndipo kumuitana ndi lakale lija ndi chipongwe. Mayi akabereka amasanduka make uje, dzina la pa chiphaso n'kumangomveka kuchipatala. Mukanena kuti Atcheya palibe amafunsa kuti mukunena ndani. Malemu Lucius Banda anali Soldier, Kinnah Phiri anali Electric, Bingu anali Chitsulo cha Njanji. Maminibasi ali ndi mayina, maboti a asodzi ku Makawa ali ndi mayina, ndipo anthu otumiza moni pa wailesi anali ndi mayina awoawo intaneti isanafike n'komwe.

Kusiyana kwake n'kumodzi, ndipo ine ndimakuona kukhala kwakukulu. Dzina la Che 404 amalume anu sanadzipatse okha. Anapatsidwa ndi anthu amene anawanyamula zaka zambiri, ndipo linakakamira chifukwa linali loona. La pa intaneti munthu amadzipatsa yekha usiku umodzi, atha kudzitcha Mfumu ya Datsun alibe ngakhale njinga. Ndiye musafunse kuti dzinali ndi lenileni kapena ayi, poti akuba ambiri amagwiritsa mayina ooneka aulemu kwambiri. Muone ngati dzinalo lakhalitsa. Kodi akauntiyo ili ndi zaka zingati? Anthu ena amamuitana ndi dzinalo ngati munthu amene amamudziwa? Pali zithunzi za galimoto imodzimodzi ikukonzedwa pang'onopang'ono, kapena ndi zongotola kwina? Amene watsegula akaunti mwezi watha n'kumakufulumizitsani, musiyeni. Ndipo uthenga wa pa foni wonena kuti ndalama zalowa musamaukhulupirire musanadzionere nokha mu akaunti mwanu.

Tsopano galimotoyo. Chimene mukuchitcha chiphaphacho chili ndi mbiri yaikulu mu Africa muno. Peugeot 404 inatuluka mu 1960, thupi lake linajambulidwa ndi kampani ya ku Italy ya Pininfarina. Ku France anasiya kupanga ya saluni mu 1975, koma ku Kenya anapitiriza kulumikiza ma 404 mpaka 1991, chifukwa anthu ankawafunabe. Pa mpikisano wa East African Safari, womwe unkadutsa m'matope ndi m'miyala ya Kenya, Uganda ndi Tanzania, 404 inapambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Mu 1963 magalimoto 84 ananyamuka, 7 okha ndi amene anafika, ndipo yotsogolera inali 404. Amalume anu sanasankhe mwangozi.

Chimene chimakoka anthu kwambiri, mwa kuona kwanga, n'chakuti galimoto yotere munthu amaimvetsa. Mukatsegula boneti zonse zili poyera: injini yopendekeka cham'mbali, kabyuleta, koyilo, mapulagi anayi, ndi malo okwanira kulowetsa mkono mpaka m'phewa. Pitani pa magalaja a pansi pa mitengo pa boma pano pa Mangochi mukaone makaniko wachikulire akugwira injini ya mapointi. Amavula kapu ya disitibyuta, kupala mapointiwo ndi kachidutswa ka sandipepa, kuyeza mpata wake ndi kakatoni ka paketi ya fodya, kenako amachotsa jeti ya kabyuleta, kuiuzira ndi pakamwa n'kuiyang'anitsa kudzuwa kuti aone ngati kabowo katseguka. Injini ikalira amatenga sikuludalaiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa injini, chogwirira n'kuchiika pakhutu, ndipo amakuuzani kuti vavu iyi ndi imene ikugogoda. Ntchito yonseyo zida zake zimakwana m'kathumba ka shuga. Sienta ikayatsa nyale ya injini mnyamata wa lero amayamba wafunafuna makina oiwerengera, ndipo ngati yafa ndi kompyuta ya galimotoyo, muyembekezere kuti ina ichokere ku Blantyre, mwinanso ku Joni.

Palinso nkhani ya zimene anthu amakumbukira. Pikapu ngati yanuyo ndi imene inali matola, ambulansi ndi galimoto ya ukwati nthawi imodzi. Inkatsika Chowe itadzaza matumba a chimanga, anthu atakhala pamwamba, n'kubwerera ndi usipa ndi mchere. Inanyamula amayi apakati usiku, inanyamulanso maliro. Munthu wa zaka 50 akaiona sakuona chitsulo, akuona bambo ake akusintha giya ya pachiwongolero ija, dzanja likuyenda ngati akuvundula phala. Ambiri mwa amene akukulemberaniwo akufuna kugula ubwana wawo, ndipo munthu wogula ubwana wake sanenerera kwambiri. Zimenezi muzikumbukire pokambirana mtengo.

Magalimoto akale ankasiyananso nkhope. Land Rover, yomwe inayamba mu 1948 ndi thupi la aluminiyamu chifukwa chitsulo chinkasowa ku Britain nkhondo itatha, mumaidziwa ili kutali. Volkswagen Beetle, ya injini kumbuyo yozizira ndi mphepo, mumaidziwa ndi kulira kokha, ndipo inapangidwa mpaka 2003 ku Mexico. A masiku anowa muwaike khumi pa depoti, mwini wake amachita kuyang'ana nambala.

Chimandidabwitsa n'chakuti ife a ku Mangochi timakhala pakati pa makina akale koma sitiwawerengera. Ilala inayamba kuyenda panyanja mu 1951 ndipo kwawo ndi ku Monkey Bay. Sitima ya Chauncy Maples inalowa m'madzi mu 1901. Pafupi ndi nsanja ya wotchi ya 1903 ya pa boma pano, musanawoloke mlatho, pali mfuti ya sitima ya Guendolen imene inaombera sitima ya Ajeremani mu 1914. Zimenezo alendo amazijambula. Koma ma Bedford, ma Datsun ndi ma Peugeot amene anamanga malonda a boma lino tinawadula n'kupanga mbaula, otsala tinagulitsa pa sikelo.

Komabe okonda magalimoto akale pali zina sakuuzani. Galimoto ya zaka zimenezo ilibe chitetezo chimene tinazolowera lero, mabuleki ake ndi ofooka poyerekeza ndi a masiku ano, ndipo kutsika Chowe ndi mapaipi a mabuleki a zaka 40 ndi kudziika m'manja mwa Mulungu. Imamwa mafuta. Masipeya ndi osowa, muzichita kufunsa ku Kenya, ku Joni kapena kwa anthu a mayina achilendo omwewo. Petulo nayenso anasintha. Wa mtovu, amene ankateteza mavavu a injini zambiri zakale, anasiya kugulitsidwa m'chigawo chino cha Africa pofika 2006. Komanso petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo ethanol amadya mapaipi akale a labala ndi kukoka chinyezi mu thanki ya galimoto yongokhala. Onjezerani kutentha kwa kuno mu Okutobala, petulo amatha kuwira m'paipi galimoto n'kuzima pakati pa msewu. Ngati mukufuna galimoto yopezera ndalama tsiku ndi tsiku pa msewu wa Namwera ndi Chiponde, 404 si yankho. Imeneyo ndi ya Loweruka, ya maukwati, ya munthu amene ali ndi ina yoyendera.

Ndikanakhala inu, sindikanagulitsa mwezi uno, ndipo kwa a sikelo sindikanagulitsa n'komwe. Yambani mwakhala pansi ndi abale, makamaka ana a malemu, kuti mawa pasadzabuke mlandu. Pezani bulubuku, muone ngati nambala ya tchesisi ndi ya injini zikugwirizana ndi zolembedwazo, chifukwa popanda mapepala kusintha umwini ku Road Traffic kudzakuvutani ndipo mtengo umagwa kwambiri. Musathamangire kuika batire n'kuiliza. Chotsani petulo wakale yense, vulani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'mabowomo, papite masiku angapo, kenako muyese kuzunguza injiniyo ndi sipanala. Ikazungulira, muli ndi galimoto. Lowaninso pansi ndi tochi ndi kanyundo, mugogode tchesisi, makamaka pamene pamangidwa masipuling'i a kumbuyo ndi pansi pa mapazi a dalaivala. Dzimbiri la pamwamba si vuto, koma nyundo ikaboola ndiye kuti ntchito yake ndi yaikulu.

Tizinthu ting'onoting'ono musataye: kamkango ka kutsogolo, magalasi a nyale, zogwirira zitseko, ngakhale mawotchi a pa dashibodi omwe anafa. Zimenezo n'zimene zimasowa kwambiri, ndipo ana a m'mudzi amayambira pomwepo kuzula. Ifunditseni lona mvula isanayambe. Mukatero munditumizire zithunzi za pansi pake ndi za kachitsulo kolembedwa nambala ka mu boneti, ndikuuzeni ngati ndi ya petulo ya malita 1.6 kapena ya dizilo, chifukwa ogula ake ndi osiyana.