Za mbalame za ku Chilwa ndi anthu odyera pa lamulo

Achemwali, zoti achimwene anu angamangidwe chifukwa chotchera mbalame ku Chilwa si nkhambakamwa ayi, koma oopsa kwenikweni ndi anthu odyera pa lamulolo. Mu 2012 nyanja itaphwa, matemba atasowa, bambo anga anapachika ukonde n'kuyamba kutchera makhwekhwe m'mabango. Tsiku lina tikutuluka m'dambo, mapazi atang'ambika ndi matope ouma, abakha a m'madzi titawamangirira pandodo, tinangoona mkulu wina watulukira, kabuku kali m'manja. Akuti mbalamezi n'zotetezedwa ndi dziko lonse lapansi. Bambo anagwada pomwepo, chipewa atavula, amvekere, "Bwana, ana agona ndi njala dzulo." Iye kumangoseka, uku akudula zingwe zathu zonse ndi mpeni. Madzulo ake mbalame zomwezo tinazipeza zikuwotchedwa pamsika, mkazi wa mkulu uja akulandira ndalama! Mbava yeniyeni, munthu wopanda chisoni. Mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa.

Komanso mkulu uja ananama. Pangano la Ramsar la 1971, la mayiko losamalira madambo, limene Chilwa inalowamo mu 1997, silinaletse anthu kudya za m'dambo, limangoti tizigwiritsa ntchito mosamala. Ndipo malamulo otere sanabwere chifukwa cha mlenje wa khwekhwe. Ku America kunali nkhunda zakutchire zochuluka mwakuti zikamauluka zinkaphimba dzuwa. Amalonda anaziombera n'kumazitumiza m'mizinda pasitima, mpaka yomaliza inafera mumzinda wa Cincinnati mu 1914. Akakowa ankaphedwa chifukwa cha nthenga zokongoletsera zipewa za azimayi. M'pamene America ndi Britain, poimira Canada, anasainirana pangano loteteza mbalame zosamukasamuka mu 1916, lamulo lake n'kutuluka ku America mu 1918, poti mbalame youluka mayiko angapo dziko limodzi silingaiteteze lokha. Ngakhale zina za ku Chilwa kuno zimachokera ku Ulaya.

Komabe muwauze achimwenewo alowe kalabu ya alenje a mbalame, atenge chilolezo, ndipo nyengo yoikira mazira asayandikireko n'komwe, chifukwa kunena zoona mbalame zachepa. Wina akawagwira asalimbane naye, angopereka mbalamezo basi. Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, ogwidwa ndi minyanga ya njovu kapena ngaka akukaseweza jele zaka zambiri, ndiye asayerekeze kuseweretsa.